Mivi yakale yamtengo: mmene mungadziwire woponya ndi wongosunga

Mu Okutobala chaka chatha tinasasula denga la nyumba ya malemu agogo aamuna kuno ku Nkhotakota kuti tifolere udzu watsopano mvula isanagwe. Anyamata ali pamwamba anapeza mtolo utasomekedwa kuphaso, womangidwa ndi luzi, wakuda bii ndi mwaye. Pomasula tinapezamo mivi 14. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anali atathamangira kale kukatenga uta wanga umene ndimalasira chandamale kuseri kwa nyumba.

"Amalume, tiyese umodzi wokha pa nthochi apo."

"Ika pansi kaye, ndipo usaugwire kunsonga," ndinamuuza.

Anaona ngati ndikumumana. Ndinatambasula dzanja langa lamanzere n'kumuonetsa chipsera chimene chili pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Ndinachipeza ndili mnyamata, tsiku limene ndinaponya muvi wokhalitsa ndisanauyang'ane. Unathyoka pakati ndikungotaya nsinga, ndipo chibenthu chakumbuyo chinandilowa m'dzanja logwira uta.

Funso la mphwangayo ambiri ali nalo: kodi muvi wokhalitsa ungaponyedwe? Zaka pazokha sizipha muvi. Mtengo wouma bwino, wosungidwa pouma, umatha zaka makumi angapo mphamvu zake zili momwemo. Chimene chimaupha ndi tizilombo, chinyontho, ming'alu ndi zomangira zotha. Kuno kunyanja zonsezi n'zosasowa. M'dzinja mtengo umamwa chinyontho n'kufufuma, dzuwa la mu Okutobala likafika umauma n'kubwerera, chaka ndi chaka, mpaka guluu ndi ulusi zimataya.

Mudziwenso chifukwa chake kamng'alu kakang'ono kali koopsa pa muvi kusiyana ndi pa mpini wa khasu. Mukataya nsinga, imakankha muvi kumbuyo mwadzidzidzi pamene kutsogolo, kolemera ndi chitsulo, kusananyamuke. Muviwo umapindika kaye, kenako n'kumapita ukudzipinda uku ndi uku ngati nsomba ikusambira. Pofooka paliponse ndi pamene umathyokera, ndipo nthawi imeneyo dzanja lanu lili pompo, nsinga ikukankhabe.

Ntchito yoyamba si ya manja, ndi ya maso. Yalani mivi pa thumba, panja powala, ana ndi nkhuku zili kutali. Yang'anani kumbuyo kwa chitsulo, pamene chimalowera m'bango kapena mumtengo. Mukaona chinthu chakuda kapena chofiirira chomatidwa pamenepo, chouma ngati phula lakale, muvi umenewo muuike pambali ndipo nkhani yoponya yathera pomwepo. Chikhoza kukhala utomoni wamba womatira, koma chikhozanso kukhala ulembe, poizoni wopaka pa mivi, ndipo ndi maso simungasiyanitse.

Nkhani ya ulembe musaiyese nthano ya pamoto. Alenje akale m'dziko muno ankapaka mivi yawo mankhwala ochokera ku njere za kombe. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire, umene unayamba mu 1858, dokotala John Kirk anatolako kombe kwa Amang'anja. Tsiku lina mswachi wake unakhudzana nazo m'thumba, ndipo atatsukira mano anamva mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake katswiri wa mankhwala Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza njerezo, ndipo mu 1885 anafalitsa zoti zingathandize odwala mtima. Mpaka lero akatswiri amatcha chomeracho Strophanthus kombe, dzina lathu lomwelo. Chimene chimachiza pa kadontho chimaimitsa mtima chikachuluka, ndipo mankhwala a mtundu umenewu saguga msanga. N'chifukwa chake osunga zinthu zakale amagwira mivi yotere atavala magolovesi, ngakhale ya zaka zoposa 100.

Choncho muvi wokayikitsa musaupale, musautsuke pachitsime kapena m'nyanja, musauwotche, musautaye kudzala kumene ana amatola zoseweretsa. Valani magolovesi ochindikala, kulungani nsonga ndi katoni, mangani, lembani chenjezo, n'kuutsekera pamene mwana sangafike. Ngati banja silikufuna kuusunga, funsani a boma oona za zinthu zakale, monga a ku myuziyamu ya ku Chichiri mu Blantyre. Wina akadzicheka nawo, atsuke balalo ndi madzi ambiri ndi sopo, apite kuchipatala nthawi yomweyo atanyamula muviwo wokulungidwa, ndipo akanene momveka kuti mwina unali ndi ulembe. Asadikire kuti ayambe wamva nseru kapena chizungulire.

Imene yatsala ipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, osaiviika m'madzi, kuti mwaye uchoke ndipo thupi la muvi lioneke. Kenako isiyanitseni. Ya bango payokha, ya nsungwi payokha, ya mtengo weniweni payokha. Ya mtengo ndi monga imene ena amabwera nayo kuchokera ku South Africa kapena kupatsidwa ndi alendo a m'malo ogona a kunyanja. Yambiri yotere ndi ya Port Orford cedar, mtengo wa ku Oregon ku America, wopepuka ndi wonunkhira ukathyoka. Kwa ine, muvi wa bango wopitirira zaka zingapo sindiuwerengera n'komwe. Bango ndi lamphako, khungu lake ndi lopyapyala, ndipo likauma kwambiri limaphwanyika ngati phesi. Bango latsopano lili mbwee m'mbali mwa Chia ndi m'madambo a Bua. Kuchotsa chitsulo cha agogo n'kuchisomeka m'bango latsopano ndi ntchito ya madzulo amodzi, ndipo alenje eniakewo ankatero.

Tsopano fufuzani ngati yafumbwa. Yalani nsalu yakuda, gwirani muvi chopingasa pamwamba pake, n'kuugogoda ndi chala kuyambira kunsonga mpaka kumbuyo. Ukagwetsa kaufa kosalala ngati ka kondowole, mkati mwadyedwa. Yang'ananinso timabowo tozungulira, tating'ono ngati poboola singano. Kabowo kamodzi n'kokwanira kuuchotsa pagulu. Kabowoko ndi khomo lotulukira chabe. Mphutsi inakhala m'katimo miyezi ikudya, ikukumba njira zimene inu simukuziona. Nsungwi ndi bango ndiye zimakondedwa kwambiri ndi tizilomboti. Muvi wopepuka modabwitsa poyerekeza ndi anzake, kapena wonunkha chuku, kapena wobonyoka mukaukanikiza ndi chikhadabo, nawonso wapita.

Gawo la ming'alu musalithamangire, ndi pamene pagona nkhani. Khalani pakhonde m'mawa, dzuwa likuwomba chammbali, kapena gwiritsani tochi ya foni moigoneka kuti kuwala kuyende motsata muvi. Zunguzani muviwo pang'onopang'ono mukuyang'ana chigawo chimodzi chimodzi. Malo atatu ndi amene amabisa ming'alu: kuseri kwenikweni kwa chitsulo, pamene muvi umalandira nkhonya yonse ukamenya cholimba, pansi pa nthenga ndi ulusi womangira, ndi kamphanda kakumbuyo kolowa nsinga. Mng'alu wotsata utali wa muvi umaoneka msanga. Woopsa zedi ndi kamzere kopingasa, kopyapyala ngati tsitsi, kooneka ngati pongokalika vanishi. Pamenepo mtengo unafinyika n'kuphwanyika mkati, mwina muvi unapondedwa kapena unamenya mwala, ndipo tsiku lina udzadukira pomwepo mosachenjeza.

Maso akatha, tengani kathonje n'kukayendetsa mopepuka thupi lonse la muvi, kupita ndi kubwerera. Pamene pali kachibenthu kodzuka, thonje limakodwa n'kusiya tiulusi toyera. Njira imeneyi imagwira zimene maso aphonya. Pa mivi ya agogo, umodzi unkaoneka wosalala bwinobwino, koma thonje linakodwa pafupi ndi mfundo yachiwiri, ndipo nditatsegulapo ndi chikhadabo mng'aluwo unali wotalika ngati chala.

Wina adzakuuzani kuti muthirepo supaguluu n'kumanga ndi ulusi. Ayi. Nthenga mungamate, chitsulo mungamange, koma thupi la muvi likang'aluka silikonzedwa. Kupatulapo pamodzi pokha: mng'alu ukakhala kunsonga kwenikweni, mungadule chigawo chonsecho mopitirirako ndithu, n'kubwezera chitsulo. Koma muviwo wafupika, ndipo za kufupika tikambirana pansipa.

Umene wapulumuka zonsezi, upindeni. Gwirani kumapeto onse awiri, manja mutatambasula, muviwo uli kutali ndi nkhope ndipo ukupindikira kumbali kopanda munthu. Akuluakulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Pano mawuwo muwamve monga momwe alili. Pindani pang'ono chabe, kuti pakati pasunthe masentimita awiri kapena atatu, kenako masulani. Zunguzani pang'ono, pindaninso, mpaka mbali zonse zinayi zitayesedwa. Zimitsani wailesi, chifukwa ntchito imeneyi ndi ya makutu. Muvi wabwino umapindika mwakachetechete, mofanana thupi lonse, n'kubwerera msanga pamalo pake. Mukamva kuthetheka ngakhale pang'ono, kapena mukaona ukupindikira pamalo amodzi ngati chigongono, kapena ukakhala chikhotere osabwerera, wathera pomwepo. Malizani ndi kuupotokola mofatsa ngati mukufinya kansalu. Ming'alu ya m'nsungwi imatseguka pakupotokola kusiyana ndi pakupinda.

Ukathyokera m'manja mwanu pakuyesaku, musadandaule. Ukanathyokera pa uta.

Kukhota si mlandu waukulu. Gubuduzani muvi pa tebulo losalala, nthenga zili kunja kwa tebulo. Ukamadumphadumpha ndiye kuti wakhota. Kukhota kwa pang'ono, kotambalala, kumawongoleka: tenthetsani malo okhotawo pamwamba pa makala opanda malawi, mukuzunguza, mpaka patenthe moti chala chikupirira movutikira, kenako wongolani pa chikhatho n'kugwira chomwecho mpaka pazizire. Osalola kuti pade ndi moto. Mukawongola, bwerezani kuyesa kwa thonje ndi kupinda, chifukwa mtengo wakale nthawi zina umang'aluka pakuwongolapo. Kukhota kwa pamalo amodzi, kooneka ngati bondo, ndi chizindikiro cha kuphwanyika kwa mkati. Kumeneko musalimbane nako.

Bwererani ku kamphanda kolowa nsinga. Kakang'aluka pakuponya, nsinga imadutsa yopanda muvi, ndipo mphamvu yonse imabwerera mu uta. Uta ukhoza kuthyoka, nsinga n'kukukwapulani kumaso. Tsegulani timilomo ta kamphandako pang'ono ndi chikhadabo muone ngati pansi pake payamba mng'alu. Pa nsungwi ndi bango, kamphanda kayenera kukhala pafupi ndi mfundo ndipo kamangidwe ndi ulusi wolimba m'munsi mwake. Pa mivi yakunja kamakhala ka pulasitiki, ndipo pulasitiki yakale imauma n'kusweka ngati beseni lokhalitsa padzuwa. Chotsani, ikani katsopano, ngakhale kakuoneka bwino.

Pa muvi wa mtengo weniweni palinso nkhani ya mizere ya mtengowo, imene akalipentala amaidziwa bwino. Mukayang'anitsitsa, mbali ziwiri za muvi zili ndi mizere yowongoka, ndipo mbali zina ziwiri mizere imakumana n'kupanga tinsonga tosongoka ngati chilembo cha V. Kamphanda kayenera kudulidwa mopingasa mizere ya kumapeto kwa mtengo, osati motsatana nayo, apo ayi nsinga imang'amba muvi ngati nkhwangwa pa nkhuni. Muvi ukakhala pa uta, tinsonga ta pamwamba tiloze kutsogolo. Chifukwa chake n'chakuti muvi umathyoka motsata mizere, ndipo ukakhala chomwechi chibenthu chakumbuyo chimakwera m'mwamba m'malo molowa m'dzanja. Muvi umene mizere yake ikudutsa kuchoka mbali ina kufika mbali inzake pa kamtunda kafupi, sindiuponya ngakhale uli watsopano.

Muvi ukhoza kukhala wamoyo koma wosagwirizana ndi uta wanu. Unapangidwira uta wina ndi mkono wa munthu wina. Yambani ndi utali. Ikani kamphanda pachifuwa, m'munsi mwa khosi, tambasulani manja onse kutsogolo motsata muvi. Nsonga ipitirire zala zanu ndi masentimita atatu kapena asanu. Muvi waufupi umagwera mkati mwa uta mukakoka mpaka kutsaya, ndipo chotsatira chake ndi chitsulo m'chikhatho.

Kenako kulimba kwake. Opanga mivi yamtengo ali ndi muyeso wawo, ndipo mungauchite pakhoma. Khomani misomali iwiri molingana, motalikirana mainchesi 26, amene ndi masentimita 66. Gonekani muvi pamisomalipo, lembani pakhoma pamene pali pakati pake, n'kupachikapo cholemera mapaundi awiri. Botolo la pulasitiki la lita imodzi lothiramo madzi osadzaza, pafupifupi mamililita 900, limakwanira. Yezani ndi rula mmene pakati patsikira, m'mainchesi, n'kugawa 26 ndi nambala imeneyo. Ukatsika theka la inchi, yankho ndi 52, kutanthauza kuti muviwo ndi wa uta wa mphamvu ya mapaundi pafupifupi 50. Ukatsika inchi yathunthu, ndi wa uta wofewa wa mapaundi 26. Mphamvu ya uta wanu muiyeze ndi sikelo yopachika ya ogula mbewu: kolowekani kunsinga, kokani kufika pamene mumakokera poponya, n'kuchulukitsa makilogalamuwo ndi 2.2. Makilogalamu 18 ndi pafupifupi mapaundi 40. Muvi wolimba kuposa uta umangopatuka pang'ono. Muvi wofewa pa uta wamphamvu ndi umene umathyoka. Ngati masamuwa akukulemerani, yerekezani mivi yokhayokha: umene watsika kwambiri kuposa anzake ofanana nawo kukula, uchotseni.

Mawu awiri apa. Uta wamakono uja wa timawilo kumapeto usaone muvi wakale wamtengo, liwiro lake ndi lina. Ndipo ngati mwapezanso uta wa agogo kudenga komweko, musaukunge mwadzidzidzi n'kuukoka mpaka kutsaya. Nawo ndi mtengo wouma wokhala zaka osapindika, ndipo nsinga yake yakale siyenera kukhulupiriridwa.

Zokonza zotsala n'zosavuta. Ulusi kapena luzi lakale masulani lonse, mangani latsopano, pakani guluu pamwamba. Chitsulo chigwedezeni, chikasuntha, chizuleni, palani dzimbiri ndi sandipepa, matani mwatsopano. Nthenga zodyedwa ndi njenjete sizivulaza kwenikweni koma zimasocheretsa muvi, ndipo m'mphepete mwake mukadzuka zimacheka chala. Za nkhanga kapena nkhukundembo zimachita bwino, bola zonse za pa muvi umodzi zichokere kuphiko la mbali imodzi. Pomaliza pakani mafuta a linseed a m'sitolo za hadiweya, pang'ono, pukutani, siyani masiku awiri kapena atatu pamthunzi. Nsanza yopakira mafutawa muiyanike yotambasula, chifukwa ikaunjikidwa imatha kudzitentha yokha mpaka kuyaka.

Tsiku loyesa, sankhani malo amene kumbuyo kwake kuli chulu kapena khoma, osati njira ya kudambo. Chandamale chikhale chofewa: thumba lotsendera mankhusu a mpunga kapena thunthu la nthochi. Valani golovesi yachikopa kudzanja logwira uta, mangani chikopa kapena nsalu yochindikala pamkono, ndipo ngati muli ndi magalasi oteteza maso a owotcherera kapena opala matabwa, valani. Aliyense aime kumbuyo kwanu. Imani mamita 10 kuchokera pa chandamale. Koyamba kokani theka lokha. Katengeni muvi, pouzula muugwire pafupi ndi chandamale n'kukoka mowongoka, osagwedeza. Upindeninso, mverani. Ponyani katatu motero, kenako onjezerani kukoka pang'onopang'ono mpaka kufika kutsaya. Chizolowezi chopinda ndi kumvera chisathere tsiku limenelo. Muvi uliwonse umene waphonya n'kumenya mtengo, mwala kapena muvi unzake, uyesedwe usanabwerere pa nsinga.

Ngozi ikachitika, tizibenthu tating'ono ta pakhungu mungazule n'kutsuka ndi sopo. Chibenthu kapena chitsulo chikalowa mkati, musachizule. Mangani nsalu yoyera mozungulira kuti chisagwedezeke, n'kuthamangira kuchipatala. Kumeneko mukafunse za katemera wa kafumbata, chifukwa mabala akuya a zinthu zafumbi ndi amene matendawa amakonda.

Zonsezi ndikunena za kulasa chandamale pakhomo. Ife a kuno tili m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks likuyendetsa pamodzi ndi boma kuyambira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 munabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Anzathu a ku Salima ali ndi nkhalango za Thuma ndi Kuti. Kupezeka ndi uta ndi mivi m'malo otetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limafika zaka 30 kundende pa nyama monga njovu, chipembere ndi ngaka. Mnyamata amene mukumuphunzitsa uta amve zimenezi tsiku loyamba lomwe.

Imene yalephera mayeso sikuti ndi ya kudzala. Ya m'banja isungeni, koma muilembe chizindikiro, monga kaulusi kofiira, kuti wina asadzaisokoneze ndi yoponya. Yofumbwa, ngati ilibe chokayikitsa cha ulembe, ikulungeni m'pulasitiki yotseka bwino n'kuiika mlungu wathunthu mufiliji youmitsa zinthu gwa ndi kuzizira kuti tizilombo tife, apo ayi tisamukira ku inzake. Yopanda mbiri, ithyoleni pabondo musanataye, kuti mwana asaitole. Yabwino isungeni yoimika m'paipi ya pulasitiki kapena yogoneka pa thabwa losalala, kutali ndi khoma lonyowa, kutali ndi malata otentha, ndipo muiyang'anenso dzinja likatha.

Pa mivi 14 ya agogo, itatu inali ndi chakuda chija kumbuyo kwa chitsulo, ndipo ili m'bokosi lokhoma kwa amayi aakulu. Isanu ndi umodzi inali yofumbwa, iwiri inathetheka popinda, umodzi thonje linaugwira. Iwiri ya nsungwi inapambana zonse, ndipo mphwanga anaiponya pa thumba la mankhusu Loweruka lotsatira atavala golovesi yanga. Zitsulo za yowonongekayo tinazizula, tinapala dzimbiri, ndipo bango lake tinakadula ku Chia mu Juni. Likuuma pamthunzi, lomangidwa mtolo kuti lisakhote.